Funsani Tiyankhe: Kodi makhonsolo a ku Zomba ndi oyandikana nawo angagule katundu pamodzi?

Makalata atatu amene tasankha mwezi uno achokera m'boma la Zomba, ndipo onse akufunsa ngati makhonsolo oyandikana angachepetse ndalama zimene amawononga atamagula katundu limodzi komanso kubwerekana zipangizo ndi akatswiri. Makalatawa tawafupikitsa pang'ono.

FUNSO

Akulu, ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito ndipo ndimakhala kufupi ndi Jali. Chaka chilichonse mvula ikatha, msewu wafumbi wopita kwathu umangotsala zigwembe zokhazokha, ndipo tikafunsa timayankhidwa kuti makina opalira msewu kulibe, pomwe obwereka ndi okwera mtengo. Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti mu Zomba muno muli makhonsolo awiri, ya mzinda ndi ya boma, ndipo pafupi pomwepa pali Machinga, Phalombe ndi Chiradzulu. Kodi makhonsolowa sangasonkherane n'kugula makina amodzi, kapena kuitanitsa simenti, mafuta ndi matayala pamodzi kuti mtengo utsike? Kodi pali lamulo loletsa?

Mphunzitsi wopuma, Jali

YANKHO

Aphunzitsi, lamulo loletsa palibe. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, lomwe linabwera m'chaka chimodzi ndi ndondomeko ya Mphamvu ku Anthu, limapatsa khonsolo iliyonse mphamvu yokhala ndi katundu ndi kusaina mapangano m'dzina lake, ndipo limatchula kugwirizana ndi makhonsolo ena pakati pa ntchito zimene khonsolo iyenera kuchita. Chimene chimamanga manja ndi kayendetsedwe ka ndalama. Khonsolo iliyonse ili ndi bajeti yakeyake, komiti yakeyake yogula katundu, ndi mkulu wake, kaya ndi bwanamkubwa kapena mkulu wa khonsolo ya mzinda, amene amayankha yekha pamaso pa wofufuza za chuma cha boma ndi komiti ya aphungu yoona za ndalama. Kagulidwe konse kamayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017 m'malo mwa ofesi yakale ya ODPP. Choncho makhonsolo akafuna kugula limodzi ayenera kusankha khonsolo imodzi yotsogolera tenda, kulemba pangano lomveka bwino, ndi kufunsa uphungu wa PPDA asanalengeze chilichonse m'nyuzipepala. Ndi ntchito yofuna kuleza mtima, koma ndi yotheka.

Phindu lake n'losabisika. Dziko lino lili ndi makhonsolo opitirira 30, kuphatikizapo a maboma 28 ndi a mizinda 4. Iliyonse imalengeza tenda zake, imaitanitsa misonkhano yake yowunika ofuna kugulitsa, imalipira maalawansi ake, ndipo pamapeto pake imagula matayala khumi kapena matumba a simenti ochepa pamtengo wa m'sitolo. Amayi a mumsika waukulu wa Zomba amadziwa bwino kusiyana kwake, chifukwa akasonkherana n'kuchita hayala lole imodzi yokaoda katundu, aliyense amalipira zochepa poyerekeza ndi amene wapita yekha. Kwa khonsolo, ndalama imapulumuka pamtengo wa katundu, pamayendedwe, komanso pantchito yokonza tenda, yomwe imachitika kamodzi m'malo mwa kasanu.

Pankhani ya makina, kusiyana kwa makhonsolo awiri a ku Zomba ndiko kumapangitsa mgwirizano kukhala wanzeru. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 100,000 mumzinda ndi opitirira 700,000 m'madera akumidzi a bomali. Mzinda uli ndi misewu ifupiifupi ya ku Chinamwali, Sadzi, Chikanda ndi Mpondabwino, yomwe makina angamalize m'masabata ochepa n'kumangokhala, pomwe khonsolo ya boma ili ndi misewu yafumbi kuyambira ku Chingale, kuseri kwa phiri, mpaka ku Kachulu m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa. Makina opalira msewu amadya ndalama ngakhale ataima, chifukwa woyendetsa amalandira malipiro, inshulansi imalipiridwa, ndipo mabatire ndi matayala zimawonongeka. Makina amene amagwira ntchito miyezi isanu ndi itatu pachaka amatuluka otsika mtengo pa kilomita iliyonse kuposa amene amagwira miyezi iwiri. Lingaliro losunga makina pamalo amodzi si lachilendonso kuno kwathu, ndipo inu aphunzitsi mukukumbukira PVHO, kumene maofesi a boma ankabwereka magalimoto ndi makina olemera.

Tsopano ndinene chimene ndikuchiona kuti ndicho phata la nkhaniyi. Makhonsolo amagula zinthu mokwera mtengo osati chifukwa chogula zochepa chokha, koma makamaka chifukwa amachedwa kulipira. Wamalonda amene akudziwa kuti adikira miyezi yambiri asanalandire ndalama yake amawonjezeratu mtengo, poganizira chiwongoladzanja cha kubanki ndi kugwa kwa kwacha. Ndipo sitingamunene, pakuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, kotero amene anapereka katundu wochokera kunja pangongole masiku amenewo analandira ndalama yosakwanira kuodanso katundu yemweyo. Makhonsolo a maboma amadalira kwambiri ndalama zochokera ku likulu, ndipo bungwe lawo la MALGA lakhala likudandaula kuti ndalamazi ndi zochepa komanso zimafika mochedwa, ngakhale ndondomeko ya 1998 inalonjeza makhonsolo 5 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera. Khonsolo ya mzinda imadalira msonkho wa nyumba ndi malo, ziphaso za malonda ndi matikiti a mumsika, ndipo aliyense akudziwa kuti ambiri salipira panthawi yake. Makhonsolo asanu akagula limodzi, imodzi n'kulephera kulipira gawo lake, wamalonda amaimitsa katundu wa onse, ndipo tenda yotsatira mtengo umakwera kuposa kale. Nchifukwa chake ine ndinganene kuti pangano lililonse liyambe ndi kuika ndalama mu akaunti yapadera tenda isanalengezedwe, ndipo khonsolo imene sinaike gawo lake idikire ulendo wina. Popanda zimenezi, kugula pamodzi kumangosonkhanitsa ngongole pamalo amodzi.

Vuto lachiwiri ndi la nthawi. Msewu wafumbi umapalidwa bwino mvula itangotha, nthaka ikadali ndi chinyontho, cha mu April mpaka June, ndipo imeneyo ndiyo nthawi imene khansala aliyense, phungu aliyense ndi mfumu iliyonse amafuna makina kwawo, chifukwa ndi pamene alimi akutulutsa chimanga ndi mpunga kupita kumsika. Mndandanda wa misewu uyenera kuvomerezedwa chaka chisanayambe ndi kumatidwa pachitseko cha ofesi, kuti pasapezeke wamkulu woimba foni usiku n'kupatutsa makina. Khonsolo imodzi ikhale mwini wake wa makinawo, yolemba ntchito woyendetsa ndi makaniko, ndipo ina iliyonse, ngakhale mwiniyo, izilipira pa ola lililonse limene makina agwira, ndalamayo n'kumapita kuthumba lokonzera ndi kugulira zitsulo. Makina ambiri a boma amafera pamiyala chifukwa chosowa chitsulo chimodzi chimene palibe anachiikira ndalama.

Kunja kuli zitsanzo za mbali zonse ziwiri. Ku England, makhonsolo a dera la Yorkshire ndi oyandikana nawo anakhazikitsa bungwe logula katundu la YPO mu 1974, ndipo mpaka lero ndi la makhonsolo 13, likuodera masukulu ndi maofesi zinthu zosiyanasiyana. Koma mumzinda wa London, makhonsolo atatu a Westminster, Kensington and Chelsea ndi Hammersmith and Fulham, omwe anayamba kugawana ntchito ndi antchito mu 2011, anadzasiyana mu 2018, utsogoleri wa ndale utasintha m'khonsolo imodzi pa chisankho cha 2014. Ifenso timasankha makhansala zaka zisanu zilizonse, ndipo mabwanamkubwa amasamutsidwa kawirikawiri, choncho pangano linene momveka bwino mmene wofuna kutuluka angatulukire, ndi amene adzatsale ndi makina.

FUNSO

Ine ndili ndi kasitolo ka mapepala ndi zolembera m'tauni ya Zomba, ndipo gawo lalikulu la malonda anga ndi maoda ang'onoang'ono ochokera kumaofesi ndi kumasukulu. Ndikamva zoti makhonsolo azigula pamodzi, mtima wanga ukuthamanga, chifukwa tenda ikakula idzapita kwa makampani a ku Limbe ndi ku Lilongwe omwe ali ndi mpamba. Nanga ife tidzadya chiyani, ndipo msonkho umene khonsolo imafuna kwa ife tidzaupeza kuti?

Mayi wamalonda, Zomba

YANKHO

Mayi, mantha anu ali ndi maziko, ndipo aliyense wokonza mgwirizano wotere ayenera kuwamva asanasaine. Khonsolo imene yapulumutsa pang'ono pamtengo wa mapepala koma yatseketsa masitolo amene amailipira ziphaso ndi msonkho yadzipweteka yokha. Boma nalonso linavomereza mfundoyi pamene mu 2020 linatulutsa lamulo lopatsa mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati gawo lawo pa tenda za boma, ndipo kugula pamodzi sikuyenera kukhala njira yozembera lamulolo.

Katundu amene makhonsolo amagula si wa mtundu umodzi. Pali zinthu zochokera kunja kapena zopangidwa ndi makampani ochepa, monga makina, magalimoto, matayala, makompyuta, simenti, mankhwala othira m'madzi, zitsulo za mijigo ndi zovala za ozimitsa moto. Zimenezi ngakhale lero sizigulidwa kwa inu, ndipo ngati zidutsa m'manja mwa wamalonda wamng'ono, iye amangokazitenga kwa wamkulu n'kuwonjezerapo pang'ono. Apa ndi pamene kugula pamodzi kumathandiza. Koma madesiki, zitseko, mayunifolomu, chakudya cha pamisonkhano, njerwa za simenti zimene zomanga za boma zimafuna masiku ano m'malo mwa njerwa zootcha, ndi ntchito zokonza ngalande ndi makalavati ang'onoang'ono, zonsezi zimatheka ndi akalipentala, atelala ndi amisiri a ku Matawale, Songani, Thondwe ndi Mayaka. Kuzitengera ku tenda imodzi yaikulu kungawonjezere mtengo wa mayendedwe, ndiponso desiki ikathyoka palibe amene angabwere kuchokera ku Lilongwe kudzaikhoma.

Mapepala ndi zolembera zili pakati, ndipo njira yake ilipo. Tenda imodzi ikhoza kugawidwa m'zigawo, china cha Zomba, china cha Machinga, china cha Phalombe, n'kuika malire kuti kampani imodzi isatenge zigawo zonse. Makhonsolo akhozanso kungogwirizana za mtundu wa katundu ndi mtengo wapamwamba umene sangapitirire, kenako n'kusankha amalonda angapo ovomerezeka amene ofesi iliyonse iziodako pamene yafuna. Njira imeneyi imathetsa chinthu chimene chimakwiyitsa anthu, choti bokosi limodzimodzi la mapepala ligulidwe pamitengo itatu yosiyana m'maofesi atatu oyandikana, koma siichotsa wamalonda wa pafupi.

Chenjezo lina tingalitenge pa mankhwala. Zipatala za boma zimaoda mankhwala ambiri kudzera ku Central Medical Stores Trust, ndipo ndi zoona kuti dziko laling'ono ngati lathu silingapeze mtengo wabwino chipatala chilichonse chitamagula chokha. Komabe tonse taona kuti nkhokwe imodziyo ikakhala ilibe mankhwala ena, kapena ikakhala kuti sinalipidwe, kusowako kumafika m'zipatala zambiri nthawi imodzi. Wogulitsa mmodzi yekha ndi chiopsezo, ndipo makhonsolo anzeru amasiya khomo lina lotsegula.

Kumbali yanu, Mayi, onetsetsani kuti bizinesi yanu ndi yolembetsedwa, kuti muli ndi chiphaso cha MRA chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, ndi kuti dzina lanu lili m'kaundula wa PPDA, chifukwa ambiri amagwa pamapepala amenewa mtengo wawo usanawerengedwe n'komwe. Lankhulaninso ndi anzanu a masitolo ngati lanu, pakuti amalonda atatu kapena anayi akhoza kupikisana pa tenda ngati gulu limodzi ndi kuodera limodzi ku Blantyre. Ndipo pamene mukukambirana ndi makhonsolo, chinthu choyamba kupempha chikhale tsiku lenileni lolipira lolembedwa m'pangano, chifukwa wamalonda wamng'ono amagwa msanga ndi ngongole yosabwezedwa kuposa ndi mpikisano.

FUNSO

Ndine mnyamata wa pa Thondwe. Moto ukabuka pamalo amalonda ngati athu ano, kunja kwa malire a mzinda, timathamanga ndi zidebe. Zinyalala nazonso zimangounjikana. Kodi ntchito ngati zimenezi sizingagawanidwe pakati pa mzinda ndi boma? Koma ndikuopanso kuti ndalama zikasonkhanitsidwa pamodzi, akuba adzangopeza poyambira pabwino.

Mnyamata, Thondwe

YANKHO

Achimwene, mwatchula ntchito zimene ine ndingayambire, ngakhale makina a msewu asanagulidwe. M'dziko muno ozimitsa moto amapezeka makamaka m'makhonsolo a mizinda ndi m'mabwalo a ndege, ndipo makhonsolo ambiri a maboma alibe galimoto yozimitsira moto. Kugula galimoto yachiwiri ya khonsolo ya boma, pomwe ya mzinda ili pamtunda wa mphindi zochepa kuchokera pa Thondwe, pa Songani kapena pa Domasi, kungakhale kuwononga. Chofunika ndi pangano lakuti khonsolo ya boma izipereka gawo lodziwika pachaka la mafuta, matayala ndi maphunziro a ozimitsa moto, ndipo iwo azituluka akaitanidwa popanda kuyamba afunsa kuti moto uli mbali iti ya malire. M'panganolo muyeneranso kukhala Southern Region Water Board, yomwe likulu lake lili mu Zomba momwemo, chifukwa galimoto yofika msanga koma yopanda potunga madzi siithandiza.

Zinyalala zimalumikiza makhonsolowa kale, kaya afune kaya asafune. Mtsinje wa Likangala umachokera kuphiri, umadutsa mumzinda, n'kukathira m'nyanja ya Chilwa, kotero zonyansa za m'tauni zimakafika kwa alimi a mpunga ndi asodzi amene ali m'manja mwa khonsolo ya boma. Mzinda uli ndi magalimoto onyamula zinyalala koma malo otayira ndi opanikiza, pomwe khonsolo ya boma ili ndi malo koma ilibe magalimoto okwanira misika yake. Mtaya umodzi wokonzedwa bwino, wokhala ndi mpanda, msewu ndi woyang'anira, ungatumikire onse awiri motsika mtengo kuposa maenje ambiri osasamalidwa.

Nyanja ya Chilwa yokhayo ndi ya maboma atatu, Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama panyanja, amasamuka kutsata nsomba osalabadira malire. Kolera, yemwe wakhala akubuka kawirikawiri m'dera limeneli ndipo mu 2022 ndi 2023 anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko lonse, amayenda ndi anthuwo. Boti limodzi lolimba la azaumoyo ndi nkhokwe imodzi ya mankhwala othira m'madzi, zolipiridwa ndi maboma atatuwa, n'zanzeru kuposa aliyense kudikira wothandiza wake. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anasonyezanso kusowa kwina: milatho ndi misewu zinakokoloka m'maboma angapo usiku umodzi, ndipo khonsolo iliyonse inafuna injiniya wodziwa za milatho. Akatswiri ngati ameneyu, komanso woyesa mtengo wa nyumba, wokonza mapu a matauni ndi loya, ndi ovuta kuwasunga m'khonsolo imodzi, koma makhonsolo atatu angathe kumulipira mmodzi ndi kugawana masiku ake.

Za akuba, sindikutsutsani. Tenda yaikulu imakopa anthu akuluakulu. Ku South Africa kuli lamulo lolola khonsolo kugula kudzera m'pangano limene ofesi ina ya boma inasaina kale, ndipo cholinga chake chinali kupulumutsa nthawi ndi ndalama, koma m'malo ena lagwiritsidwa ntchito molakwika pozemba mpikisano ndi kupatsa ntchito kontilakitala yemweyemweyo. Mgwirizano umateteza ndalama pokhapokha ngati komiti yowunika ili ndi anthu ochokera m'makhonsolo onse, ofufuza za chuma a khonsolo ina akuwerenga mabuku a inzake, ndipo dzina la wopambana pamodzi ndi mtengo wa chinthu chilichonse zaikidwa poyera. Kugwiritsa ntchito mtundu umodzi wa katundu kumathandizanso apa, chifukwa tayala la nambala imodzi likagulidwa pamitengo iwiri, funso limadzifunsa lokha. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo inu muli ndi ufulu wolemba kalata yopempha kuona mapangano amenewa. Mukaona zachinyengo, khomo ndi la ACB, ndipo ngati amalonda apangana mitengo mwamseri, nkhaniyo ndi ya bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC.

Ngati inu ndi anzanu mukufuna kuti nkhani ya moto iyambike, ipititseni ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya m'dera, VDC ndi ADC, ndipo mupemphe khansala wanu kuti aikweze ku msonkhano waukulu wa khonsolo, womwe anthu wamba amaloledwa kukamvera. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 April, choncho pempho lifike makhonsolo akadali pakati pokonza bajeti, miyezi ingapo tsikulo lisanakwane, ndipo likhale ndi mayina a malo amalonda amene mukufuna kuti galimoto yozimitsira moto izifikako.